MIYENDO YA WOTHAMANGA AKATSIKA M'NDEGE

 Lero sindikamba za fodya kapena za nkhokwe ai. Ndifuna tione chimene chichitika m'miyendo ya munthu wothamanga mtunda wautali, akapita pa ndege kukapikisana ku dziko lakutali. Nkhaniyi iri yathunso, pakuti kuyambira 1972, pamene Malawi inatumiza anthu ake koyamba ku masewera a Olympic ku Munich, ana a m'midzi mwathu akhala akukwera ndege zimenezi.

Mpikisano wotchedwa marathon utalika mailosi 26 ndi mayadi 385, ndiko kuposa theka la ulendo wochokera ku Zomba kufika ku Blantyre. Abebe Bikila wa ku Ethiopia anaupambana ku Rome mu 1960 ali wopanda nsapato, naupambananso ku Tokyo mu 1964. Tokyo ali kutali ndithu. Ikakwana 12 koloko masana kumeneko, kwathu kuno ndi 5 koloko m'mawa, atambala ali kulira. Thupi la mlendo silizolowera msanga kusintha kotere. Limafuna pafupifupi tsiku limodzi pa ora liri lonse. Nchifukwa chake wothamanga wanzeru afika masiku angapo mpikisano usanayambe.

Koma bvuto loyamba liri m'miyendo. Mtima ukankha magazi kutsikira ku mapazi mosabvuta. Kuti magaziwo akwerenso, athandizidwa ndi akatumba, amene afinya mitsempha munthu akamayenda, monga dzanja lifinya bere la ng'ombe pokama. Tsono munthu akakhala pa mpando usiku wonse, maondo ali opinda, akatumba aleka nchito. Magazi ayenda pang'onopang'ono, madzi aunjikana m'mapazi, nsapato zithina, ndipo miyendo ilemera ngati mtondo. Kutopa kumeneku sikuli ngati kwa kumunda. Kwa kumunda kutha ndi kugona, koma uku kwadza ndi kukhala, ndipo mankhwala ake ndi kuyenda.

Inu amene munagulapo ng'ombe kutali ndi kuzitengera pa lole mudziwa kuti simuzimanga m'goli tsiku lomwelo. Muzipatsa madzi, muzisiya ziyendeyende pa dambo, khasu liyembekeze. Wothamanga achite chimodzimodzi. Ali m'ndege aziimirira kawirikawiri, azigwedeza mapazi, amwe madzi ambiri, mowa ausiye. Akatsika asagone tsiku lonse, ndiponso asathamange mwamphamvu kuti ayese ngati mphamvu zake zikalipo. Ine ndiona kuti kulakwa kwachiwiriku ndiko kugwira anyamata ambiri. Ayende kapena athamange pang'ono ngati theka la ora, dzuwa limuombe, kenaka agone chagada miyendo ataitsamiza pa khoma. Tulo tenitweni ayembekeze usiku wa dziko limenelo.

Tsopano, mafumu, gwirani mau awa. Mapazi onse awiri akatupa pang'ono, nachita kuphwa munthu akayenda, palibe choopsya. Koma ukatupa mwendo umodzi wokha, katumba ali kupweteka ndi kutentha, kapena magazi aundana mu mtsempha. Bungwe la World Health Organization linalengeza mu 2007 kuti ngozi yotere iwirikiza pafupifupi kawiri munthu akayenda ali chikhalire maora oposa 4, kaya pa ndege, pa basi kapena pa sitima. Ndiye kuti ikhudzanso mwana wanu amene wabwera pa basi kuchokera ku Joni, ngakhale sanathamangepo mpikisano. Mwendo wotere musausisite, musauthowe, musautemere mphini, pakuti chotundanacho chingathe kuchoka ndi kukatseka mitsempha ya m'mapapu. Mtengereni ku chipatala tsiku lomwelo. Akayamba kupuma mobanika kapena kumva kuwawa pa chifuwa, musadikire kuti kuche.