Chipatala nachonso chili ndi mawerengedwe a kuchigayo

Aliyense wa ife amadziwa kusankha chigayo. Pamsika patha kukhala zigayo ziwiri zoyang'anizana, china chotchipa, china chokwererapo pang'ono, koma mayi wodziwa zinthu sangothamangira chotchipacho. Amayamba wafunsa. Kodi ndowa akugaya ndalama zingati? Ufa wake umatuluka wosalala kapena wamisere? Nanga pa ndowa imodzi ya mphale umabwerako ndi ufa wochuluka bwanji, ndipo pamzere ukhalapo mpaka dzuwa kupendeka? Mafunso amenewa, abale anga, ndi omwewo amene akatswiri ofufuza za ntchito zachipatala amakhalira usana ndi usiku. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo sayeza ufa koma moyo wa anthu.

Tiyambe ndi mtengo. Poti kuchipatala cha boma sitilipira pakhomo, ena amati n'zaulere. Koma chigayo sichilira popanda wogula dizilo. Jakisoni aliyense, magolovesi a namwino, mafuta a ambulansi ndi malipiro a dokotala, zonsezi zimachokera m'misonkho yathu ndi m'thandizo la maiko akunja. Mu 2001 atsogoleri a maiko a mu Africa anakumana ku Abuja, m'dziko la Nigeria, nalonjeza kuti pa makwacha 100 alionse a bajeti ya boma, 15 azipita ku zaumoyo. Zaka zambiri bajeti yathu siifika pamenepo. Dizilo ndi wochepa, ndowa zili mbwee pamzere.

Mwini chigayo amene watsala ndi chigubu chimodzi cha dizilo amadziwa chinthu chowawa: ndowa iliyonse imene wagaya, ina yatsala yosagayidwa. Ndalama imene boma lagulira makina okwera mtengo othandiza anthu owerengeka ndi yomweyo imene ikanagula masikito kapena katemera wa ana a midzi ingapo. N'chifukwa chake kuyambira mu 2004 Unduna wa Zaumoyo uli ndi mndandanda wa chithandizo chofunikira kwambiri chimene Mmalawi aliyense ayenera kulandira osalipira. Pokonzanso mndandandawu m'ndondomeko ya 2017 mpaka 2022, akuluakulu a undunawu anagwira ntchito ndi akatswiri a ku yunivesite ya York, ku Britain. Muyeso umene anagwiritsa ntchito unali wakuti kwathu kuno madola 61 a ku America amatha kupulumutsa chaka chimodzi cha moyo wathanzi. Tsono chithandizo chilichonse anachiika pasikelo imeneyi. Chimene chimadya ndalama zoposa pamenepo kuti chibweze chaka chimodzi cha moyo, chimakhala chikulanda thanzi kwa anthu ena amene sitikuwaona.

Ndikudziwa kuti mawerengedwe otere amamveka ouma mtima, makamaka wodwalayo akakhala mwana wako. Palibe kholo limene lingavomere kuti mwana wake ndiye ndowa yotsala. Komabe kusawerenga sikuchulukitsa dizilo. Kumangochititsa kuti oyamba kuthandizidwa akhale okhala pafupi ndi tauni ndi odziwana ndi akuluakulu, wakumudzi n'kubwerera osathandizidwa, popanda womuwerenga n'komwe.

Za ubwino wa ufa, nkhani ya malungo ndiyo imatiphunzitsa. Achikulire akukumbukira Chloroquine, mankhwala owawa aja, otchipa zedi, amene ena ankayabwa nawo thupi. Ofufuza atayamba kutsatira ana omwe amwa mankhwalawa, anapeza kuti ambiri malungo sankawathera, chifukwa tizilombo tinali titawazolowera. Sefa inali itang'ambika, chigayo chikungolira chabe. Mu 1993 Malawi linakhala dziko loyamba mu Africa kusiya Chloroquine n'kutenga Fansidar ngati mankhwala oyambirira a malungo. Fansidar nayenso atayamba kufooka, mu 2007 tinasinthira ku LA amene tikumwa lero. LA ndi wokwera mtengo kuposa anzake awiriwo. Koma mankhwala otchipa osachiritsa ndiwo odula kwambiri, pakuti mwana amabwereranso kawiri katatu, mwina kukagonekedwa, mwina kuthiridwa magazi, ndipo mayi wake munda waima.

Funso lachitatu, la kusawononga, ndilo limandigwira mtima kwambiri, chifukwa apa ofufuza amawerenganso ndalama za m'thumba mwanu. Mtengo weniweni wa ufa si wokhawo umene mwapereka pawindo. Ngati mwasenza ndowa mtunda wautali, mwalipira kabaza, mwakhala pamzere tsiku lonse osadya, zonsezo n'zolipira. Taganizirani munthu womwa ma ARV. Boma linayamba kupereka mankhwalawa kwaulere mu 2004, ndipo kwa zaka zambiri anthu ankapita kukatenga mwezi ndi mwezi, kenaka miyezi itatu iliyonse. Ulendo uliwonse unali tsiku la ganyu lotayika, ndalama yoyendera, komanso maso a anthu ofunsa kuti kodi kuchipatalako mukupitapitirabe chiyani. Kwa namwino, unali mzere wautali wa anthu amene sakudwala, angobwera kudzatenga botolo.

Ofufuza anafunsa funso losavuta: nanga munthu amene ali bwinobwino, tizilombo tagona m'magazi, titamupatsa mankhwala a miyezi 6 nthawi imodzi? Mantha analipo akuti anthu adzataya mankhwala kapena kuiwala chipatala. M'malo motsutsana ndi pakamwa, anayesa. Kafukufuku wotchedwa INTERVAL anachitika m'zipatala 30 za ku Malawi ndi ku Zambia, ena akulandira monga mwa kale, ena a miyezi itatu, ena a miyezi 6. Chitatha chaka, olandira a miyezi 6 ndiwo anapezeka akupitiriza mankhwala mochuluka kuposa olandira monga mwa kale, ndipo chipatala chinawononga ndalama zocheperapo pa munthu aliyense. Mankhwala ndi omwewo, namwino ndi yemweyo, nyumba ndi yomweyo. Chinasintha ndi kagayidwe kokha, ndipo nthawi imene namwino wapulumutsayo imapita kwa mwana wotentha thupi amene ali kumapeto kwa mzere.

Chimodzimodzi ndi mgwirizano wa boma ndi zipatala za mishoni za CHAM umene unayamba mu 2006. M'madera ena amene chipatala chapafupi n'cha mishoni, boma limalipira kuti amayi oyembekezera ndi makanda athandizidwe osapereka ndalama. Kafukufuku anaonetsa kuti amayi opita kusikelo ndi ochirira kuchipatala anachuluka ndalama itachotsedwa pakhomo.

Pali malo amodzi pamene mawerengedwe onsewa amagwera m'dothi. Chithandizo chitha kukhala chotchipa ndi chochiritsa papepala, koma ngati mankhwala atha pawindo, ngati namwino ali yekha pa ntchito ya anthu anayi, ndiye kuti lamba waduka ndipo palibe ufa umene ukutuluka. Zoterezi sizioneka mu ofesi ku Lilongwe. Amene amazidziwa ndi inu amene munauzidwa kuti mukagule nokha mankhwala kusitolo, ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu amene bokosi lake lakhala lopanda kanthu.

Choncho tsiku lina mnyamata kapena mtsikana wonyamula mapepala akadzakupezani potuluka m'chipatala, n'kupempha kuti akufunseni mafunso, musamuyankhe mwaulemu chabe kuti zonse zili bwino. Muuzeni nthawi imene munanyamuka kunyumba, ndalama imene munapatsa wakabaza, maola amene munakhala pabenchi, ndi mankhwala amene simunawapeze. Nkhani yomweyo mukaifikitsenso ku komiti ya chipatala ya m'dera lanu.