Mwana Wanga Anapita ndi Kachasu, Kodi Ali Kuti?

Mayi, ngati munaika m'manda mwana amene anatha ndi kachasu, chamba kapena mankhwala ena ozunguza bongo, mukudziwa kuti maliro otere sasowa manong'onong'o. Pasiwa ena amati anazifuna yekha, ena amati anamulodza. Koma inu usiku funso limakhala limodzi: kodi mwana wanga ali kumoto?

Mpingo sunagamulepo za munthu aliyense kuti ameneyu ali kumoto. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 1735, amaphunzitsa kuti chizolowezi, mantha ndi mavuto a m'maganizo zimatha kuchepetsa mlandu wa munthu. Uchidakwa ndi matenda ogwira ubongo, mpaka munthu amalephera kusiya ngakhale akufunitsitsa. Zimene zinadutsa mumtima mwake pa mphindi yomaliza akuzidziwa ndi Mulungu yekha.

N'chifukwa chake timapempherera akufa. Timakhulupirira kuti ku Purigatoriyo mizimu imayeretsedwa, ndipo mapemphero athu amaithandiza. Pitani kwa bambo mfumu mukapemphe Misa yomupempherera. Pa 2 Novembala, tsiku lokumbukira akufa onse, tchulani dzina lake mosachita manyazi.

Inunso amayi a m'bungwe, musamufunse mnzanuyo kuti analakwitsa pati polera. Kamuyendereni pakatha mwezi, anthu onse atabalalika, chifukwa ndi pamene nyumba imazizira. Ngati pakhomopo pali mwana wina amene wayamba kumwa, a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu otere. Mupite naye msanga, akadali moyo.