Chimene chimazunguza silinda ya volovolo ndi kuiimika pamalo pake

Volovolo ndi mfuti ya m'manja imene imasunga zipolopolo m'silinda, chitsulo chobulungira chokhala ndi zibowo, kawirikawiri 6. Mpope ndi umodzi wokha. Choncho mfuti isanalire, silinda iyenera kuzungulira mpaka chibowo chimodzi chiyang'anizane ndendende ndi mpopewo, kenaka iime nji. Pa zibowo 6, kusuntha kulikonse ndi madigiri 60. Mu volovolo za mtundu wa single action, zonsezi zimachitika pamene munthu akukokera hamala kumbuyo ndi chala chachikulu. Chokhethemulira chili ndi ntchito imodzi basi, yomasula hamala kuti ikamenye chipolopolo.

Luso limeneli linafala ndi Samuel Colt wa ku America, yemwe analilembetsa ku Britain mu 1835 ndi kwawo mu 1836. Mfuti yake yotchuka kwambiri ndi Colt Single Action Army ya mu 1873, ija imaoneka m'mafilimu a ma cowboy. Kwathu kuno mfuti yotere ndi yosowa. Asilikali a Parachute Battalion ku Senga Bay ndi anzawo ophunzira ku MAFCO ku Salima komweko amazolowera mfuti zolandira zipolopolo kuchokera m'magazini. Volovolo imene akuluakulu a King's African Rifles ankamangirira m'chiuno nthawi ya atsamunda inali Webley, yomwe asilikali a Britain anayamba kugwiritsa ntchito mu 1887. Iyo ndi ya double action: chokhethemulira chimakoka hamala ndi kuzunguza silinda pachokha. Komabe single action ndiyo imaonetsa bwino maziko a volovolo zonse, chifukwa zitsulo zake ndi zochepa.

Kumbuyo kwa silinda kuli mano 6 osemedwa mozungulira pini yapakati imene silindayo imazungulirapo. Chimene chimakankha manowa ndi kadzanja, kachitsulo kopyapyala komangiriridwa kumunsi kwa hamala ndipo kamayenda m'kanjira kumanzere kwa thupi la mfuti. Hamala ikamabwerera kumbuyo, kadzanja kamakwera, kukola dzino limodzi ndi kulikankhira m'mwamba. Poti kali kumanzere, silinda ya Colt imazungulira ngati mivi ya wotchi kwa amene waigwira. Kadzanja ka mfuti ya mu 1873 kali ndi zala ziwiri: chapamwamba chimayamba ulendo, chapansi chimakola dzino lotsatira ndi kumalizitsa. Sipuling'i yaing'ono imakanikiza kadzanja pa mano, ndiye silinda imapita mbali imodzi yokha. Aliyense amene anatsegulapo fuliwilo ya njinga ya kabaza akhoza kuzindikira nzeru yake msanga.

Kuzunguza silinda nkosavuta. Luso lenileni lagona pa kuimasula ndi kuitsekanso pa nthawi yake, ndipo iyi ndi ntchito ya mpiringidzo, chitsulo chogona pansi pa silinda chimene chimapendekeka pa sikuluu yake. Mutu wake umatulukira pa kazenera ka m'thupi la mfuti ndi kulowa m'kamodzi mwa timaenje 6 tosemedwa kunja kwa silinda. Kumbuyo kwake kuli miyendo iwiri, ndipo umodzi ndi wopyapyala moti umatha kupindika pang'ono. Mwendo umenewu umakhala pamwamba pa kachitsulo kotukuka ka m'mbali mwa hamala, kamene amisiri amakatcha cam.

Hamala ikangoyamba kusuntha, cam imanyamula mwendowo, mutu wa mpiringidzo nkutsika kuchoka m'kadzenje. Izi ziyenera kuchitika kadzanja kasanayambe kukankha, apo ayi zitsulo ziwirizi zimalimbana ndipo mfuti imauma gwa. Silinda ikayenda mbali yaikulu ya ulendo wake, mwendo umapulumuka pa cam, sipuling'i nkukankhira mutu wa mpiringidzo m'mwamba. Sugwera m'kadzenje nthawi yomweyo. Umayamba watera pa kanjira kotsetsereka kosemedwa pafupi ndi kadzenje, nkutsetserekera mkati. Pa mfuti yokonzedwa bwino, mpiringidzo umatseka silinda pa mphindi yomweyo imene nsonga ya chokhethemulira imakola kampata komaliza ka hamala. Munthu akakhethemula, hamala imagwa, mwendo wopyapyala uja umapindikira pambali kuti cam idutse, kenaka umabwerera pamwamba pake kudikira ulendo wina. Silinda imakhala yotsekedwa nthawi yonseyi.

Ndondomeko imeneyi imamveka ndi khutu. Colt yakale ikamakokedwa pang'onopang'ono imalira kanayi. Koyamba ndi kampata kachitetezo, kachiwiri ndi kampata kapakati, kachitatu ndi mpiringidzo ukumenya silinda, kachinayi ndi kukola komaliza. Pa kampata kapakati mpiringidzo umakhala uli pansi, choncho silinda imazunguzika ndi dzanja, ndipo apa ndi pamene munthu amatsegula kachitseko ka kumanja ndi kuika zipolopolo chimodzichimodzi.

Zitsulo zikaperepeseka, nthawi imasokonekera. Kadzanja kakafupika, silinda imaima isanafike, chipolopolo chimakhula m'mphepete mwa khomo la mpope, ndipo tizidutswa ta mtovu timathethekera m'mbali kudzera pa kampata ka pakati pa silinda ndi mpope. Khomolo amalisema motambalala pang'ono kuti lilandire chipolopolo chosemphana pang'ono pokha, osati kwambiri. Mpiringidzo ukamakwera msanga umakanda mzere kuzungulira silinda, chomwe chimaipitsa maonekedwe koma sichiopsa kwenikweni. Ukachedwa, kapena sipuling'i yake ikafooka, silinda yokokedwa mwaphuma imapitirira kadzenje, ndipo ichi ndiye choopsa. Malo a mchenga ndi chinyontho ngati m'mphepete mwa nyanja ku Senga Bay amafulumizitsa zonsezi, pakuti mchenga wosakanikirana ndi mafuta umapala mano, dzimbiri nkudya masipuling'i opyapyala.

Colt yakale ili ndi chofooka china chosakhudza kuzungulira koma chimene chinasintha kaikidwe ka zipolopolo. Msomali womenya chipolopolo uli pa hamala penipeni, ndipo kampata kachitetezo ndi kosalimba, moti mfuti ikagwa pansi imatha kulira yokha. Nchifukwa chake ozidziwa ankaika zipolopolo 5, hamala nkugona pa chibowo chopanda kanthu. Kampani ya Ruger, yomwe inatulutsa Single-Six mu 1953 ndi Blackhawk mu 1955, inasintha zimenezi mu 1973. Inaika kachitsulo kamene kamakwera pakati pa hamala ndi msomali (umene pa mfuti zake suli pa hamala) pokhapokha chokhethemulira chikakokedwa. Inachotsanso kampata kapakati: pa mfuti zimenezi kutsegula kachitseko ndiko kumatsitsa mpiringidzo, ndipo silinda imazunguzika hamala ili chigonere.