Kugwirizana kwa Magetsi a Galimoto ndi Kalavani Yake

Msewu wa M5, umene umachoka ku Salima kulinga ku Nkhotakota, umadutsa pa Khombedza. Pamsewu umenewu pamayenda mathirakitala ndi malole okoka ngolo za katundu, ndiponso alendo ochokera ku South Africa amene amakoka tinyumba togonamo kumbuyo kwa magalimoto ao. Zokokedwa zonsezi anthu amangoziti kalavani. Masana kalavani imaoneka patali, koma usiku chimene chimaionetsa kwambiri ndi nyali zake, ndipo nyali zimenezi zilibe mphamvu yaoyao: zimadalira magetsi ochokera ku galimoto imene ikukoka.

Chinthu choyamba chimene woyendetsa ayenera kudziŵa ndicho mphamvu ya magetsiwo. Magalimoto ang'onoang'ono ndi mathirakitala ambiri amagwiritsa ntchito mavolti 12, pamene malole ambiri amagwiritsa ntchito mavolti 24. Babu la mavolti 12 likalandira mavolti 24 limaŵala koposa kenaka n'kupsa, ndipo la mavolti 24 likalandira 12 limangoti phuliphuli ngati koloboyi wotha mafuta. Motero munthu wobwereka kalavani ayenera kufunsa kaye mtundu wa mababu ake, pakuti safunsa anadya phula.

Chachiŵiri ndi pulagi yolumikizira. Pulagi yofala kuno kummwera kwa Africa ili ndi mano 7, ndipo dzino lililonse lili ndi waya wa mtundu wake. Wachikasu ndi wa nyali yokhotera kumanzere, wobiriŵira ndi wa yokhotera kumanja, wofiira ndi wa nyali za mabuleki, wakuda ndi wakhofi ndi a nyali zam'mbuyo zoyaka usiku wonse, ndipo woyera ndi wobweza magetsi ku chitsulo cha galimoto, umene amakaniko amauti ethi. Wotsalawo, wa mtundu wa mtambo, umapatsidwa ntchito zapadera. Makalavani ogonamo a ku Ulaya a masiku ano ali ndi pulagi ya mano 13, popeza amafunanso magetsi a filiji ndi odzazira batire. Pulagi yotere siloŵa m'soketi ya mano 7 popanda cholumikizira chapakati.

Kusokoneza mitundu imeneyi si nkhani yamaseŵera. M'Malaŵi magalimoto amayenda kumanzere ndipo amapitirirana chakumanja. Ngati waya wachikasu ndi wobiriŵira asinthanitsidwa, woyendetsa akamakhotera kumanja kalavani imaonetsa kuti akupita kumanzere. Wa minibasi amene ali m'mbuyo amakhulupirira nyaliyo nayamba kupitirira, ndipo pamenepo galimoto ziŵirizo zimakumana pakati pa msewu.

Vuto lina limene limachitika kaŵirikaŵiri m'madera a kunyanja ndi dzimbiri. Chinyezi, mchenga ndi matope a dzinja zikaloŵa m'soketi, waya woyera uja sagwira bwino, ndipo magetsi posoŵa njira yobwerera amadzera m'mababu ena. N'chifukwa chake nyali zonse zimaphethira pamodzi mofooka. Mankhwala ake ndi kupala manowo ndi kumangitsa waya pa chitsulo chosapakidwa penti.

Aphunzitsi a sayansi angapezepo chitsanzo chabwino. Babu la buleki limadya mawati 21. Pogaŵa 21 ndi mavolti 12 timapeza maampeya 1.75. Kalavani ikaonjeza mababu aŵiri otere, fyuzi imasenza maampeya 3.5 oonjezera. Fyuzi ikapsa, ena amaikapo waya wamba kapena chipepala chonyezimira cha m'paketi ya ndudu, osazindikira kuti achotsa mlonda amene amateteza galimoto ku moto. Nayo filiji ya m'kalavani ingathe kumaliza batire ya galimoto usiku umodzi ngati palibe chida chodula magetsi injini ikazima. Pa magalimoto atsopano oyendetsedwa ndi kompyuta, kudula mawaya mwachisawawa kumasokoneza makina ena, choncho pamafunika kabokosi kapadera kolumikizira.

Achinyamata otsiriza sukulu amene akufuna luso la manja angayambire pano, pakuti zida zake ndi zochepa: sikuludiraiva, babu loyesera ndi kuleza mtima. Ndipo ulendo uliwonse usanayambe, munthu mmodzi aime kumbuyo kwa kalavani pamene woyendetsa akuponda buleki ndi kuyatsa nyali imodziimodzi. Ntchito ya mphindi ziŵiri imeneyi ingapulumutse wapanjinga amene akubwerera kwao madzulo kuchokera kumsika wa pa Khombedza.