Loweruka Ndi Limodzi, Olifuna Ngambiri

Munthu woyenda m'makwalala a ku Area 25, ku Chinsapo, ku Machinjiri kapena ku Bangwe adzaona nyumba zambiri zimene zinayambidwa koma sizinathe. Zina zinafika palintala zaka zitatu zapitazo ndipo zikali pomwepo, udzu utamera m'chipinda chimene chinayenera kukhala chogona ana. Zina eni ake analowamo kale, koma mazenera ngotseka ndi njerwa zongosanja, ndipo pakhomo pali mulu wa mchenga umene ana ndi nkhuku akuumwaza tsiku ndi tsiku. Eni nyumba zoterezi ndife tomwe, makolo owerenga tsamba lino, ndipo tidziwa kuti pamwamba pa kusowa ndalama pali kusowa tsiku. Wolembedwa ntchito ali ndi Loweruka limodzi pa mlungu, ena theka lake lokha, ndipo olifuna tsikulo ngambiri.

Ntchito ndiyo imayamba kutidya mphamvu. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limati munthu azigwira maola osapitirira 48 pa mlungu, kupatula owonjezera. Komatu lamulo siliwerenga maola oima pa siteji kudikira minibasi, kapena usiku umene ena anagona pa mzere wa mafuta m'zaka za 2024 ndi 2025. Siliwerenganso mawu amene bwana anatikalipira nawo pamaso pa anzathu, kapena kalata yotikweza pa ntchito imene yakhala m'kabati chaka chathunthu. Bwana sitingamuyankhe. Tsono mawu amene tinawameza masana timakawalavulira mwana amene wataya madzi pakhonde madzulo, ndipo mwanayo amagona osadziwa chimene walakwa. Mayi wochokera ku ofesi, ku chipatala kapena ku msika amafika ndi katundu yemweyo, nkupeza mbaula ikumudikira.

Ndale zimalowa m'nyumba mwathu pa makomo awiri. Khomo loyamba nlaphokoso: msonkhano wa pabwalo, wailesi, ndi mauthenga a pa WhatsApp amene sapatsa munthu mpata ngakhale pa nsima. Taona masiku aakulu ndithu. Pa 3 February 2020 khoti linafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019, anthu nkukavotanso pa 23 June chaka chomwecho, ndipo pa 16 September 2025 tinaimanso pa mizere. Nzika yosalabadira zoterezi sitingaiyamikire. Koma khomo lachiwiri nlachete, ndipo ndilo limatipeza m'thumba. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 ndi 44 peresenti. Malata, misomali, utoto ndi mafuta onyamulira katundu zimadalira ndalama zakunja, motero banja limene linasunga ndalama za denga lonse m'chitini linadzuka m'mawa lili ndi za mbali imodzi. Kodi si zodabwitsa kuti tikhoza kukangana maola atatu za nduna imene sidzatidziwa dzina, koma osakhala pansi theka la ola, bambo ndi mayi, kuwerenga chimene ndale zomwezo zachita pa mtengo wa thumba la simenti?

Nyumba payokha siitana. Ilibe chimkuzamawu, ilibe woimba kherere. Imangokhala chete kuyambira May kufikira October, ndipo imadzalankhula usiku wa mvula yoyamba, pamene tikuthamanga ndi mabeseni ndi kukoka mphasa za ana. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa; ife tili nawo anayi.

Tiyeni tikhalitse pa nyumbayi pang'ono, pakuti apa ndi pamene ndalama zovutikira zimatayika msanga. Ambiri timayamba ndi chimene alendo aone: utoto wa pabalaza, matailosi, chitseko chozokota. Mmisiri woona mtima adzatiuza kuti ntchito iyambire pamwamba ndi pansi, ndiye kuti denga ndi ngalande yochotsa madzi m'mbali mwa maziko. Khoma lopaka utoto pansi pa denga lodontha lidzasupuka isanathe January. Pogula malata tifunse geji, ndipo tikumbukire kuti nambala ikamakwera lata limapyapyala: la geji 28 nlochindikala kuposa la geji 32, ngakhale onse amawala mofanana m'sitolo. Msomali ukhomedwe pamsana pa lata, osati m'khwawa moyenda madzi. Matabwa a denga apakidwe mankhwala a chiswe asanakwezedwe, pakuti akakwera palibe amene adzawatsitse.

Simenti ili ndi khalidwe lake. Poona mitengo ikukwera, ena amagula matumba khumi nkuwaunjika pansi m'chipinda kudikira tsiku losadziwika; chinyezi chikawalowa amasanduka miyala ya makilogalamu 50 imene singamange kanthu. Wofuna kusunga chuma chake mu katundu ayambe ndi malata, mafelemu ndi njerwa, zimene zimapirira, ndipo simenti igulidwe mmisiri atatchula tsiku. Pamene yathiridwa, ifuna kumwetsedwa madzi m'mawa ndi madzulo kwa mlungu wathunthu, makamaka pa dzuwa la October. Pansi pambiri pamene pang'ambika m'nyumba zathu panang'ambika chifukwa panasowa wogwira ndowa.

Za mmisiri tinene mwachidule. Tipangane mtengo wa gawo lililonse ntchito isanayambe, tilembe pa pepala, ndipo tilipire gawo likatha. Wolipira zonse patsogolo amasanduka mlenje wosaka mmisiri wake m'nyumba za eni. Ndalama za chipereganyu kapena za banki m'khonde zamanga nyumba zambiri. Za katapila zagulitsitsa zambiri.

Nanga zosangalatsa? Pano tisafulumire kuweruza. Munthu amene wamezera mawu a bwana masiku asanu ayenera kupeza pofuulira, ndipo nkwabwino afuulire pa Kamuzu Stadium pamene Bullets ikukumana ndi Wanderers kusiyana nkuti afuulire pa mkazi wake. Bawo la pansi pa mtengo wa mango lachiritsa mitima yambiri. Chimene chasintha nchakuti kale chisangalalo chinali ndi malire. Wailesi inali imodzi, sewero la Kapalepale likatha banja linkaseka pamodzi nkukagona, ndipo kanema wa dziko lino anayamba mu 1999. Lero mpira wa ku England umayamba Loweruka masana, nkupitirira Lamulungu, nkubweranso pakati pa mlungu, ndipo foni ilibe ola lotsekera. Pamwamba pake pabwera kubetcha, kumene kumatenga ndalama ya misomali pang'onopang'ono, mwini wake osamva kupweteka. Ichi chakoma, ichi chakoma: mathero a pusi uja tiwadziwa tonse.

Pali chinthu chimodzi chimene ambiri sitichigwiritsa ntchito bwino. Lamulo lomwe lija limapatsa wantchito tchuthi cholipidwa chaka chilichonse: masiku 15 kwa wogwira masiku asanu pa mlungu, ndi 18 kwa wogwira asanu ndi limodzi. Ambiri timachisunga kufikira December, pamene mvula yagwa kale, njerwa zanyowa ndipo ndalama zalunjika ku Khirisimasi ndi ku fizi ya January. Mlungu umodzi wotengedwa mu August kapena September, mwini nyumba ataima pambali pa mmisiri, umatha ntchito imene Loweruka khumi silingathe. Mwini akakhalapo simenti sichepa m'ndowa, ndipo matumba sayenda okha madzulo.

Inu achinyamata, nyumbayi njanunso, ngakhale mudzatulukamo. Kusefa mchenga, kumwetsa simenti, kulemba m'kope matumba amene alowa ndi amene atsegulidwa, zonsezi sizilira satifiketi. Mnyamata wodziwa pamtima osewera khumi ndi mmodzi a Arsenal pamodzi ndi a pabenchi akhoza kuwerenga malata a denga la amayi ake. Ndipo bambo akafika nkhope ili gwa, musafulumire kuganiza kuti mwalakwa ndinu; kawirikawiri mlanduwo unayambira kutali, inu musanaweruke ku sukulu. Apatseni mpando ndi madzi akumwa, ndipo nkhani ya fizi idikire adye kaye.