Kodi wodwala uyu ndi wa namwino uti?

Munthu akagonekedwa m'wodi ya chipatala cha boma, manja amene amamukhudza pa tsiku limodzi ndi ambiri. Wina amabwera m'mamawa kudzayeza kutentha kwa thupi ndi kuthamanga kwa magazi, wina amakankha chikuku cha mankhwala kuyambira pabedi loyamba mpaka lomaliza, wina amabaya jakisoni, wina amatsuka mabala, ndipo dokotala amadutsa ndi gulu lake pa raundi n'kulemba m'fayilo. Aliyense wagwira gawo lake, mwinanso waligwira bwino. Koma gadiyani akaima pakhomo la ofesi ya anamwino n'kufunsa kuti, "Pepani a nesi, zotsatira za magazi a mayi anga zija zinabwera?", amauzidwa kuti adikire amene anatenga magaziwo, kapena afunse obwera usiku. Ambiri amapita akudandaula kuti namwino ameneyu ndi wamwano. Nthawi zambiri vuto silikhala pa mtima wa munthuyo koma pa kagawidwe ka ntchito m'wodimo, komwe kamapatsa namwino aliyense chochita popanda kumupatsa wodwala woti akhale wake. Kagawidwe kameneka sikadagwe kumwamba. Kali ndi mbiri yake, kali ndi zifukwa zake, ndipo ngakhale pamene anamwino ali ochepa, ntchito ikhoza kugawidwa pakati pa anthu ambiri udindo wa wodwala n'kukhalabe pa munthu mmodzi wodziwika dzina.

Poyamba penipeni namwino ankasamalira munthu wathunthu. Ku America, zaka za m'ma 1930 zisanafike, anamwino ambiri omaliza maphunziro ankalembedwa ntchito ndi mabanja, n'kumakhala ndi wodwala mmodzi kunyumba kwake mpaka achire kapena atisiye. Zinthu zidatembenuka pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pamene anamwino ambiri adapita kukathandiza asilikali ndipo zipatala zidadzaza mipata ndi othandizira ophunzitsidwa mwachangu. Njira yachidule idali yong'amba chisamaliro m'zidutswa: wodziwa zambiri atenge mankhwala ndi majakisoni, wodziwa pang'ono atenge zosambitsa ndi kuyala mabedi. Tisainyoze njira imeneyi, chifukwa imathamanga. Munthu amene akugawa mapiritsi okhaokha amamaliza wodi ya anthu makumi asanu pa nthawi imene sakadamaliza anthu khumi akadati aliyense amuchitire zonse. N'chifukwa chake kulikonse kumene anamwino aperewera, kuno kwathu komwe, njirayi imabwerera yokha popanda woiitana.

Mtengo wake umaonekera pa zinthu zimene sizili pa ndandanda ya wina aliyense. Woyeza thupi walemba kuti kutentha kwakwera. Wa mankhwala waona kuti wodwala wakana phala ndipo wameza mapiritsi movutikira. Wotsuka bala waona kuti m'mbali mwa bala mwafiira. Zitatuzi zikakumana m'mutu mwa munthu mmodzi zimanena chinthu chimodzi, chakuti matenda akulowa m'magazi ndipo dokotala aitanidwe tsopano lino. Zikakhala m'mitu itatu, chilichonse chimaoneka chaching'ono. Isabel Menzies, amene adafufuza za ntchito ya anamwino pa chipatala china chophunzitsira ku London n'kusindikiza zomwe adapeza mu 1960, adaonanso china chobisika: kugawa ntchito m'zidutswa kumateteza namwino ku ululu woona anthu akuvutika ndi kufa tsiku ndi tsiku, chifukwa amene amangodutsa pabedi lililonse mphindi ziwiri sakhala paubale ndi wodwala aliyense. Koma adapeza kuti chitetezo chimenechi sichichotsa nkhawa, chimangolanda namwino chisangalalo choona munthu amene wamusamalira akuchira, ndipo ophunzira ambiri aluso ankasiya maphunziro panjira. Choncho amene amaluza si wodwala yekha.

Mu zaka za m'ma 1950 Eleanor Lambertsen wa ku Columbia University adalimbikitsa zoti anamwino ndi othandizira azigwira ntchito m'timagulu, kagulu kalikonse ndi mabedi ake ndi mtsogoleri wake. Zidathandiza, koma pamene mtsogoleri watanganidwa kaguluko kamabwerera ku zidutswa zomwe zija. Kusintha kwenikweni kudachitika mu 1969 m'wodi ina ya chipatala cha University of Minnesota, pansi pa Marie Manthey. Kumeneko adagwirizana kuti wodwala aliyense akhale ndi namwino mmodzi woyankha za chisamaliro chake kuyambira tsiku logonekedwa kufikira tsiku lotuluka, usana ndi usiku. Izi sizitanthauza kuti namwinoyo sapita kwawo kukagona. Akaweruka, mnzake amatsata ndondomeko imene iye wakonza, ndipo akabwera m'mawa amayambira pomwe anasiyira. Iyeyo ndi amene amalankhula ndi dokotala maso ndi maso, osadzera kwa mkulu wa wodi, ndipo achibale amadziwa woti amufunse. Dziko la Britain lidatengako mfundoyi mu 1991 pamene chikalata cha ufulu wa odwala chidalonjeza kuti wodwala aliyense azikhala ndi namwino wodziwika dzina, ndipo nkhaniyi idadzukanso mu 2013 lipoti la Robert Francis litaulula za odwala amene ankasiyidwa osasamalidwa pa chipatala cha Stafford.

Apa wina anena kuti zimenezi ndi za mayiko olemera, ndipo ali ndi mfundo yolemera. Kafukufuku wa Linda Aiken ndi anzake m'zipatala 168 za ku Pennsylvania, wofalitsidwa mu 2002, adapeza kuti namwino akamuwonjezera wodwala mmodzi, chiopsezo chakuti wodwala wochitidwa opaleshoni amwalira pasanathe masiku 30 chimakwera ndi 7 pa 100 alionse. Mu 2014 adapezanso zofanana m'zipatala 300 za mayiko 9 a ku Ulaya. Ku California lamulo limaletsa namwino wa m'wodi wamba kusamalira odwala oposa asanu. M'zipatala zathu za maboma si zachilendo kupeza anamwino awiri, nthawi zina mmodzi, ali ndi wodi yonse usiku, mabedi atadzaza ena atagona pansi. Vutoli ndi lakale. Mu 2004 boma lidachita kulengeza ndondomeko yapadera ya zaka zisanu ndi chimodzi yowonjezera ogwira ntchito zaumoyo, yomwe idakweza malipiro ndi 52 pa 100 pofuna kuti anamwino asamathawire kunja. Palibe kagawidwe ka ntchito kamene kangasandutse anamwino awiri kukhala khumi, ndipo amene angauze namwino wotopa kuti vuto lake ndi kusadziwa kukonza ntchito akumulakwira.

Komabe kuchepa kwa anthu sikutseka nkhani, chifukwa umboni wina ndi wa kwathu konkuno. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, Elizabeth Molyneux ndi anzake adasintha kalandiridwe ka ana odwala. Kale mwana ankadikira pamzere monga mwa nthawi imene wafikira. Iwo adaika munthu pakhomo woti aziona mwana aliyense msangamsanga n'kusankha wofunika thandizo pompopompo, wofunika kutsogozedwa, ndi woti akhoza kudikira. Imfa za ana ogonekedwa zidatsika kuchoka pakati pa 10 ndi 18 pa 100 alionse kufika pakati pa 6 ndi 8, ndipo njira yosankhira anayi, yotchedwa ETAT, bungwe la WHO likuiphunzitsa m'mayiko ambiri. Chimodzi mwa zimene zidasintha chidali chakuti funso loti mwana wodwalitsitsa ndi uti lidapatsidwa mwini. Zomwezo n'zotheka m'wodi. Anamwino awiri akhoza kupitiriza kuthandizana pogawa mankhwala, koma n'kugawana mabedi pa nkhani ya kuyankha: kuyambira pakhomo kufika pakati ndi a uyu, otsalawo ndi a uyo, maina n'kulembedwa pabolodi pomwe gadiyani angawerenge. Odwala asanu kapena asanu ndi mmodzi amene ali kayakaya aikidwe pafupi ndi ofesi ndipo akhale a namwino wodziwa kwambiri. Posinthana m'mawa ndi madzulo, lipoti liperekedwe pabedi penipeni, wodwala ndi gadiyani akumva, osati m'kaofesi chitseko chili chotseka. Zimenezi sizilira ndalama. Zimalira mkulu wa wodi wolimba mtima ndi metironi womuikira kumbuyo.

Ena amati kuno kwathu munthu woyang'anira wodwala mmodzi usana ndi usiku alipo kale, ndiye gadiyani. N'zoona kuti popanda magadiyani zipatala zathu zikadaima. Ndi iwo amene amasambitsa, kudyetsa, kutembenuza wodwala, kuchapa, kuphika phala kukhitchini ya kuseri kwa chipatala, ndi kuthamangira ku ofesi diripu ikatha. Gadiyani amadziwa kuti wodwala wakodza kangati, wasanza zotani, ndipo analankhula zosamveka nthawi yanji. Koma gadiyani sadaphunzire kuti mwa zimenezi choopsa n'chiti, saloledwa kutsegula fayilo, ndipo pa nthawi ya raundi kawirikawiri amatulutsidwa panja, ndiye kuti munthu yekhayo amene waona wodwala maola onse sakhalapo pamene zigamulo zikupangidwa. Mutu umodzi susenza denga, koma pano mitu ilipo iwiri, wina ali ndi maso wina ali ndi maphunziro, chosowa ndi chowalumikiza. Gadiyani akadziwa kuti wodwala wake ndi wa namwino uti, ndipo namwinoyo akamuuza zizindikiro zitatu zoti akaziona abwere msanga, zimene gadiyani waona zimasanduka chithandizo. Kukhalapo kwa gadiyani ndiye chifukwa china chofunira namwino wodziwika dzina.

Udindo umatayika kwambiri pa geti, tsiku lotuluka. Wodwala shuga kapena BP amapatsidwa mankhwala a mwezi umodzi, m'kabuku kake ka kuchipatala mulembedwa tsiku lobweranso, basi. Akapanda kubwera palibe amene amadziwa. Njira yoika munthu mmodzi kuti atsate wodwala kudutsa m'madipatimenti onse mpaka kunyumba, imene m'mabuku a unamwino imatchedwa case management, idakula ku America pa chifukwa cha ndalama. Mu 1983 boma lidayamba kulipira zipatala ndalama yoikika pa mtundu uliwonse wa matenda a okalamba, osawerengera masiku amene munthu wagona, choncho tsiku lililonse lowonjezera lidasanduka chitayiko kwa chipatala. Ku New England Medical Center mu mzinda wa Boston, Karen Zander ndi anzake adalemba ndondomeko zosonyeza zoyenera kuchitika tsiku loyamba, lachiwiri, lachitatu pa matenda alionse, ndipo namwino mmodzi ankaonetsetsa kuti palibe chotsalira. Okayikira amati imeneyi ndi njira yothamangitsira anthu m'mabedi, ndipo kumene chipatala chikuwerenga phindu lokha zimatero ndithu. Koma chida chomwecho chimagwira ntchito ina chikakhala m'manja ena, ndipo a Malawi tikuchidziwa bwino kuposa mmene timaganizira.

Kuyambira m'ma 1980 ndondomeko yathu yolimbana ndi chifuwa chachikulu, yomwe idali imodzi mwa zoyesera za katswiri wa matendawa Karel Styblo pamodzi ndi za ku Tanzania ndi Mozambique, idakhazikika pa kaundula: wodwala aliyense ali ndi nambala, ali ndi khadi, ndipo pakutha pa mankhwala ofesala ayenera kunena ngati munthuyo wachira, wamwalira, wasiya kapena wasamukira kwina. Pamene ma ARV aulere adayamba mu 2004, adatengera dongosolo lomweli. Munthu akadumpha tsiku lotenga mankhwala khadi lake limaonekera, ndipo wina amaimba foni kapena kupalasa njinga kukamufuna kumudzi. Ku Neno, bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo pamodzi ndi boma adatsegula khomo lomweli kwa odwala shuga, BP, mphumu ndi khunyu kuyambira mu 2015, kuti onse azionedwa pa kiliniki imodzi ndi kutsatidwa mofanana. Zonsezi zachitika m'dziko lomweli la anamwino ochepa. Chimene chikusowa n'chakuti munthu wotuluka m'wodi atachitidwa opaleshoni, kapena atafa ziwalo mbali imodzi, naye akhale ndi womutsata: kalata yomveka yopita ku chipatala chaching'ono cha kwawo, ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lake wouzidwa kuti munthu wakuti wabwerera ndipo bala lake lionedwe Lachisanu.

Nzika ili ndi pogwira pa nkhani imeneyi. Wodwala kapena gadiyani ali ndi ufulu wofunsa mwaulemu dzina la namwino amene akuyang'anira bedi lake pa nthawiyo, chimene dokotala wapeza, ndi chimene chikudikiridwa lero. Funso likasowa mwini, amene amagawa ntchito ndi mkulu wa wodi, pamwamba pake pali metironi, ndipo m'zipatala za maboma ndi zikuluzikulu zinayi zija za Queen Elizabeth, Kamuzu, Zomba ndi Mzuzu muli ofesi ya ombudsman wa pachipatala yolandira madandaulo. Nkhani ya namwino amene waphwanya malamulo a ntchito yake imapita ku Nurses and Midwives Council of Malawi, bungwe limene limalembetsa anamwino ndi azamba ndipo lili ndi mphamvu yolanda chiphaso. Koma dandaulo la munthu mmodzi limathera pa namwino mmodzi. Makomiti a anthu a m'dera oyang'anira zipatala, ndi makhansala amene amakambirana bajeti ya zaumoyo ku khonsolo ya boma, ndiwo angafunse mafunso okhudza dongosolo lenilenilo: usiku m'wodi ya amayi mumakhala anamwino angati pa odwala angati, mabedi amagawidwa kwa ndani, lipoti limaperekedwa pati, ndipo mwa anthu amene adatulutsidwa mwezi watha ndi angati adabwereranso pa tsiku limene adawalembera m'kabuku.