Mbaula ya kanyenya yokhalitsa: funsani chitsulo, osati penti

Tayang'anani pansi pa mbaula zowotchera nyama zimene mumaziona m'misika kapena m'mbali mwa msewu wa M1. Zambiri n'zobooka. Zina anachita kuzigamba ndi chidutswa cha lata, zina miyendo inaguluka kalekale moti anangozikhazika pa njerwa. Mukafunsa eniake, akuuzani kuti moto ndiwo unadya chitsulo. Komatu chitsulo chimasungunuka pa madigiri oposa 1,500, ndipo makala a pambaula wamba, popanda mvukuto, safika n'komwe pamenepo. Ndiye chadya chitsulocho n'chiyani?

Ndi dzimbiri, lomwe lija mumaphunzira mu Chemistry. Moto umangolithandizira. Mukamvetsa mmene limagwirira ntchito, mutha kuthandiza makolo anu kusankha mbaula yoti ikhale zaka, osati yogula chaka n'chaka mvula ikatha. Muthanso kupewa mbaula zina zimene zimadwalitsa anthu.

Dzimbiri limadya bwanji chitsulo?

Kuti dzimbiri lipangike pamafunika zinthu zitatu: chitsulo, madzi ndi mpweya wa okosijeni. Kadontho ka madzi kakakhala pachitsulo, maatomu a chitsulocho amataya maelekitironi, okosijeni n'kuwatenga. Mapeto ake ndi ufa wofiirira uja. Vuto lake n'lakuti dzimbiri limatenga malo aakulu kuposa chitsulo chimene lachokera. Limafufuma, limasweka, limagwa, chitsulo chatsopano cha pansi pake n'kukhala pamtetete. Ntchito imayambiranso, mpaka chibowo.

Kutentha kumafulumizitsa zonsezi. Chitsulo chikafiira ndi moto chimagwirana ndi okosijeni ngakhale popanda madzi. Amene munaonererapo munthu akusula khasu mukudziwa timakoko takuda timene timathothoka akamamenya ndi nyundo. Timakoko timeneto ndi chitsulo chimene chatha. Motonso umapsereza penti, ndiye pansi pa mbaula, pamene pamakhala makala, pamatsala popanda chotchinga chilichonse.

Palinso kufutukuka. Ndodo yachitsulo yotalika masentimita 50 ikatenthedwa ndi madigiri 500 imatalikirako ndi mamilimita pafupifupi 3, ikazizira n'kubwerera. Zikuoneka zochepa, eti? Koma zikamachitika tsiku ndi tsiku, chitsulo chopyapyala chimapindika, ndipo malo amene anawotcherera mwamphwayi amang'aluka.

Adani awiri amene sitiwaganizira

Woyamba ndi phulusa. Agogo akamatcheza chidulo chophikira therere, amadutsitsa madzi m'phulusa, madziwo n'kusungunula michere imene ili mmenemo. Zomwezo zimachitika m'mbaula yosiyidwa panja ndi phulusa lake. Mvula kapena mame zikagwa, phulusa limasunga madziwo ngati thonje kwa masiku angapo, ndipo madzi okhala ndi michere amayendetsa magetsi bwino, zimene zimathamangitsa dzimbiri. N'chifukwa chake mbaula imayamba kubooka pansi, osati m'mbali.

Wachiwiri ndi mchere wa panyama. Umadontha pamodzi ndi madzi a nyamayo n'kukakamira pa waya. Mchere ndi womwewo umene umachititsa kuti galimoto za m'mizinda ya kunyanja yamchere, monga Beira ndi Durban, zizichita dzimbiri msanga kuposa za ku Lilongwe.

Chitsulo si chimodzi

Mbaula zambiri za amisiri owotcherera zimapangidwa ndi chitsulo wamba chimene iwo amati mild steel. N'chotchipa, chimadulika ndi kuwotchereredwa mosavuta, ndipo chikaonongeka mmisiri aliyense akhoza kuchikonza. Koma chilibe chodzitetezera ku dzimbiri. Moyo wake uli pa kukhuthala kwake ndi chisamaliro chanu basi.

Chachiwiri ndi cast iron, chitsulo chochita kusungunula n'kuthira m'chikombole. Ndicho chija cha simbi ya makala ndi miphika yakuda ya miyendo itatu. Chili ndi kaboni wambiri, pakati pa 2 ndi 4 peresenti. N'cholemera, chimasunga kutentha nthawi yaitali ndipo sichipindika wambawamba. Chimachita dzimbiri ndithu, koma poti chimakhala chokhuthala, dzimbirilo limatenga zaka kuti lichiboole. Chofooka chake n'kusweka. Mukachigwetsa, kapena kuchithira madzi ozizira chili chotentha, chimang'aluka ngati mbale yadothi.

Chachitatu ndi stainless steel, chija cha masipuni ndi masinki. Mu 1913, katswiri wina wa ku Sheffield ku England, Harry Brearley, ankafufuza chitsulo cholimba chopangira mipope ya mfuti. Anapeza kuti chitsulo chosakaniza ndi kromiyamu wambiri sichinkachita dzimbiri ngati zinzake. Masiku ano chitsulo chimatchedwa stainless ngati chili ndi kromiyamu wosachepera 10.5 peresenti. Chinsinsi chake n'chakuti kromiyamuyo amagwirana ndi okosijeni n'kupanga kachikopa kopyapyala kwambiri, kosaoneka ndi maso, kamene kamamatirira osagwa. Mukakakanda, kamadzipanganso kokha. Komabe mchere ukakhalitsapo umaboola kachikopako n'kusiya timaenje, choncho nachonso chimafuna kutsukidwa.

Nanga aluminiyamu wa mapoto athu? Iyeyu sachita dzimbiri lofiira, koma amasungunuka pa madigiri 660 okha. Makala ofiira bwino, mphepo ikuwomba, amatha kufika pamenepo. Ndiponso chidulo chimadya aluminiyamu. Ngati chivundikiro ali bwino, koma mphika wopyapyala wa aluminiyamu si poikapo makala.

Njira ina ndiyo kuchibisa chitsulo kuti moto ndi madzi zisachipeze. Mu 1952, George Stephen wa ku Chicago anadula pakati chitsulo chobulungira chimene fakitale yomwe ankagwirako inkapangira zizindikiro zoyandama panyanja, n'kupanga mbaula yokhala ndi chivundikiro. Ndiko kunachokera mbaula za Weber. Mbaula zamtunduwu amazikuta ndi galasi losungunula, ngati mbale ndi makapu a enamelo akumudzi aja. Galasi silipsa ngati penti, koma likangotekedzeka, dzimbiri limalowera pomwepo. Mwaonapo kapu ya enamelo yobooka pamene inagunda pansi?

Kuno kwathu tili ndi nzeru yofanana nayo koma yotchipa: mbaula zachitsulo zokhala ndi dothi lowotcha m'kati. Zinafala kuchokera ku Kenya m'zaka za m'ma 1980, komwe amazitcha jiko. Dothilo silichita dzimbiri, limatchinga chitsulo ku moto, komanso limasunga kutentha moti makala amalowa ochepa. M'dziko limene mitengo ikutha chifukwa cha makala, imeneyo si nkhani yaing'ono.

Kukhuthala ndiko moyo wa mbaula

Dzimbiri limadya chitsulo pang'onopang'ono kuchokera kunja. Choncho zinthu zina zonse zikafanana, chitsulo cha mamilimita 3 chikhala nthawi yaitali pafupifupi katatu kuposa cha milimita 1. Mgolo wa malita 200, umene anthu amakonda kuudula pakati n'kupanga mbaula yaikulu, umakhala wokhuthala pafupifupi milimita 1. Lata lofolera nyumba silifika n'komwe theka la milimita. Kumbukiraninso kuti pa nambala za geji, nambala ikamakula chitsulo chimapyapyala: malata a geji 32 ndi opyapyala kuposa a geji 28.

Izi zokha ayi

Malata ndi mawaya ambiri a mpanda amakutidwa ndi zinki. Padenga zinki ndi wabwino zedi, chifukwa amadyeka iyeyo m'malo mwa chitsulo. Pamoto ndi nkhani ina. Zinki amasungunuka pa madigiri 420, ndipo moto ukakula amatulutsa utsi woyera. Amisiri owotcherera amaudziwa: ukaupuma wambiri umamva kuzizidwa, mutu ndi kuphwanya m'thupi ngati chimfine chachikulu. Zinki amasungunukanso m'zakudya zowawasa monga mandimu, viniga ndi tomato. Choncho waya wa mpanda kapena sefa ya mawaya otuwa si zowotcherapo nyama. Mashelefu a m'firiji yakale nawonso ayi, chifukwa anawakuta ndi pulasitiki kapena zitsulo zina zimene sanazipangire moto.

Pa mgolo, funsani kuti munali chiyani. Wa mafuta ophikira ulibe vuto ukatsukidwa ndi kupserezedwa bwino. Wa mankhwala a m'munda kapena wosadziwika, usiyeni. Umene munali petulo umatha kuphulika podula, ngakhale ukuoneka wouma, chifukwa mpweya wake umatsalira m'kati. Imeneyo si ntchito yoti muyesere kunyumba.

Ndipo mbaula ya makala, kaya ndi yokongola bwanji, malo ake ndi panja. Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide umene suoneka ndiponso sununkha. Umakakamira m'magazi mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo oposa 200. Kuzizira kwa mu June ndi July kusakunyengeni kulowetsa mbaula m'chipinda chotseka. Anthu amagona osadzukanso.

Mukafika pogula

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Penti wonyezimira amabisa zambiri, ndipo adzapsa tsiku loyamba lomwelo. Inu yambani ndi kuinyamula mbaulayo. Pa mbaula ziwiri zofanana kukula, yolemerayo ndiyo ili ndi chitsulo chambiri. Dinikizani pansi pake ndi chala chachikulu. Pakabonyoka, pitani pena. Igwedezeni muone ngati miyendo ili nji. Yang'anani mowotcherera: mzere wosalala wopitirira ndi wolimba kuposa timadontho tapatalipatali.

Onaninso ngati makala ali ndi kabenchi kawokawo kochotseka, kuti asagone pachitsulo cha pansi. Kabenchiko kakatha mudzangosintha iko, osati mbaula yonse. Pansi pakhale zibowo zolowera mpweya ndi potulukira phulusa ndi madzi. Waya woikapo nyama akhale wa ndodo zonenepa ngati pensulo, wochotseka kuti muzitsuka.

Wogulitsa akanena kuti ndi stainless, tengani maginito a mu sipika yakale. Akapanda kukakamira, kapena akakakamira mofooka, n'kutheka kuti ndi mtundu wa 304, wokhala ndi kromiyamu pafupifupi 18 peresenti ndi nikelo 8 peresenti, umene umalimbana bwino ndi dzimbiri. Akakakamira zolimba, mwina ndi mtundu wotchipirapo wa 430, mwinanso ndi chitsulo wamba chongonyezimiritsa. Maginito okha sangakuuzeni kuti ndi chiti mwa ziwirizi, koma akupatsani poyambira kunenerera mtengo.

Mukafika nayo kunyumba, chotsani chimodzi mwa zinthu zitatu zija, ndipo chosavuta kuchotsa ndi madzi. Phulusa likazizira, litayeni. Musazimitse moto pothira madzi m'mbaula. Palani waya akadali wofunda, mum'pake timafuta tophikira pang'ono. Mafutawo akapsa amauma n'kukhala chikopa chakuda chotchinga madzi ndi mpweya, ngati cha pachiwaya cha tchipisi. Nyengo ya mvula, kuyambira November mpaka April, mbaula izigona pakhonde kapena m'khitchini, moto utazimiratu.

Yesani nokha

Pezani misomali isanu yatsopano, muikwecheko ndi sandipepa. Woyamba muuike m'botolo louma lotseka bwino. Wachiwiri pakansalu konyowa ndi madzi wamba, wachitatu pakansalu konyowa ndi madzi amchere, wachinayi muukwirire theka m'phulusa lonyowa. Wachisanu muupake mafuta ophikira musanauike pakansalu konyowa. Muzinyowetsa tinsaluto ndi phulusalo tsiku lililonse, n'kumalemba zimene mukuona kwa sabata imodzi. Musanayambe, lembani kaye msomali umene mukuganiza kuti uyamba kufiira, ndi chifukwa chake. Pakutha pa sabata, tengani misomaliyo mukawaonetse amene amagwira chikwama kunyumba kwanu asanapite kukagula mbaula ina.